Loko Wofiira pa Kompyuta ya Kusukulu

Lembani penapake, abale anga, mbiri ingadzasokonekere: ine ndine munthu woyamba ku Nazombe konse kukweza amayi ake pa njinga n'kupita nawo ku Joni, wopanda pasipoti, wopanda basi.

Chabwino, ku Joni kwenikweniko sitinafike. Tinathera pa sukulu ina ya sekondale konkuno ku Phalombe, m'chipinda cha makompyuta. Ndipo chomwe tinapitira sitinachione.

Achimwene anga a Fanuwelo anapita ku Joni kalekale, nthawi ija tinkavota tikuvina. Anakwatira komweko, kuno sanapondekonso. Mwezi wathawu anaimba pa foni ya aneba kuti kwabadwa mwana wamkazi, ndipo amutcha Esinati, dzina la amayi. "Zithunzi ndaika pa intaneti," anatero, n'kunditchulira tsamba lake. "Iwe si unapita ku koleji? Ukawaonetse amayi." Mayunitsi anathera pomwepo.

Ku koleji ndinapitadi. Ndinabwerako chaka chachiwiri chisanathe, ndipo mpaka lero ine ndi kolejiyo sitinagwirizane kuti anasiya mnzake ndani. Koma pamudzi amanditcha a Pulofesa, makamaka akafuna kundituma.

Maso a amayi ayamba kuchita ng'ala. Nandolo masiku ano amasankha ndi zala. Kuchipatala anati tidikire madokotala a maso akadzabwera, ndipo tikudikira. Ndiye atamva za zithunzi anangoti, "Ndimuone mwanayo maso akadalipo."

Ana asukulu akatsekera, anthu akunja amaloledwa kugwiritsa ntchito makompyuta aja. Loweruka m'mawa ndinapeza amayi atavala chitenje chakutchalitchi, mpango atamanga, m'manja muli kadengu ka ufa ndi mtanda wa sopo pamwamba.

"Amayi, mwanatu mulibe m'bokosi muja."

"Ndikudziwa, sindine chitsiru. Koma unamva kuti munthu amakaona khanda chimanjamanja? Zimenezo n'zomwe anakuphunzitsa ku koleji kwakoko?"

Ndinapalasa njinga.

Woyang'anira chipindacho ndi aphunzitsi a Gondwe, munthu wa ku Rumphi amene boma linamutaya kuno, wofatsa ngati wansembe. Anawapatsa amayi mpando wawo womwe. Ine ndinapinda malaya, ndinalemba dzina la tsamba ndi zala ziwiri, monga timachitira ife ophunzira. Amayi anasendeza nkhope pafupi ndi galasi, kadengu kali pamiyendo.

Tinadikira. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Akanaidziwa intaneti ya ku Phalombe, akanaisiya nkhonoyo ipume.

Kenako chinatuluka: chithunzi cha loko wofiira, pansi pake Chingerezi chaukali.

"Ndi iyeyo?" anafunsa amayi. "Wavala zofiira?"

Ndinayesanso. Loko yemweyo.

A Gondwe anatsokomola. "Pepani mama. Tsamba limeneli ndi lotseka. Anaika sefa m'makinawa kuti ana asamaone zolaula, komanso asamathe nthawi ndi macheza. Masamba onse oikapo zithunzi ali m'gulu lomwelo."

"Tsegulanitu, aphunzitsi. Ife si ana."

"Kiyi ndilibe, mama."

Ndinafunsa kuti ali ndi ahedi? Ayi. Abambo a ku mishoni? Ayi. Nambala yachinsinsi yotsegulira inali ndi mzungu amene anabweretsa makompyutawa, ndipo anabwerera kwawo chaka chatha. Anamulembera. Akudikira.

"Ngakhale ineyo," anatero a Gondwe chapansipansi, "phunziro la ubereki wa munthu likafika, masamba ake onse ndi loko yemweyu. Ndimajambula pa bolodi, ana n'kumaseka. Akuti a Folomu 4 ali ndi njira yawo yozembera, koma sandiuza, ndipo panopa ali kwawo."

Mwamva? Ana omwe anawamangira mpandawu amadutsa pansi. Amene wawatchinga ndi mphunzitsi wa sayansi ndi mayi wa ng'ala wochokera ku Nazombe.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti ana athu aziona chilichonse. Ndinakhalapo mnyamata, ndikudziwa komwe maso amathamangira. Sefa ikhalepo. Koma amene anaiika ankaganiza za kwawo, kumene mwana akaweruka amakapeza kompyuta ina kunyumba, ina kwa azakhali. Kuno chipinda chimenechi ndi zenera la dera lonse, kuyambira ku Chiwalo mpaka ku Fort Lister. Ndipo ndi banja liti kuno lopanda munthu wake ku Joni, ku Mozambiki kapena ku Lilongwe, amene nkhope yake yayamba kuiwalika?

Nthawi ya chipani chimodzi, magazini ankafika masamba ena atang'ambidwa. Zinkapweteka, koma tinkadziwa kuti lumo lili ndi munthu, ndipo munthuyo ali m'dziko momwe muno. Lero tili pa ufulu. Lumo lili kutsidya kwa nyanja, mwini wake mwina anaiwala n'kuiwala kuti anatisiyira loko. Kodi n'zovuta kuti kiyi akhale ndi mphunzitsi amene timakumana naye pamsika, amene angayang'ane munthu kumaso n'kudziwa kuti uyu wabwera kudzaona mdzukulu?

Amayi sanakangane ndi munthu. Anayang'anitsitsa loko uja kwa kanthawi, ngati kuti akapirira asuntha. Kenako ananyamuka, n'kupereka kadengu kwa a Gondwe ndi manja awiri.

"Mama, ayi, sindinakuthandizeni."

"Landirani. Za khanda sizibwerera kunyumba."

A Gondwe analandira atagwada pang'ono. Sanathe kuwayang'ana kumaso.

Pobwerera amayi anakhala pa keriyala, atandigwira malaya. Ndinayesa nthabwala zanga, sizinagwire. Titafika pokwera tinatsika kuti tikankhe njinga, ndipo m'pamene anayankhula.

"Iwe, undiuze zoona. Loko uja watseka ndi sukulu, kapena Fanuwelo?"

Ndinaima. Njira yonseyi anali atasenza zimenezo: kuti mwina mwana wawo, amene sanamuone zaka zonsezi, wawatsekera chitseko dala.

"Ndi sukulu, amayi. Achimwene anasiya potsegula."

"Ukunena zoona?"

"Zoonadi. Iwo akuganiza kuti lero mwamuona mwana."

Anaganiza pang'ono. "Akaimbanso usawauze. Unene kuti ndamuona, ndi wonenepa, mphumi ndi yanga." Anakonza mpango wawo. "Ndi yanga basi. Dzina angatenge langa mphumi n'kusiya?"

Akuti ku Blantyre kuli makompyuta opanda loko. Tikakolola nandolo ndidzapita ndekha, ndikasindikize chithunzicho papepala, chachikulu kwambiri chomwe makina angathe. Ndikupempha Mulungu kuti nandolo ache msanga kuposa ng'ala.

Pa ulendo wonsewu sukulu inandilipiritsa theka la ola, pakuti wotchi ya kompyuta imayenda ngakhale chitseko chili chotseka. A Gondwe anapepesa polemba lisiti. K150.