Mlendo pa nazale ya achemwali

Ndili pa nazale ya tomato ya achemwali anga, koma mpanda wake ndi wofiira, wofunda, ukupuma. Ndikudziwa kuti ndili m'chiberekero mwawo, momwe munayambira khansa imene inawapha. Iwo ali pompo, atavala chitenje chimene tinawaika nacho m'manda, akupatulira mbande.

Kachilombo koyambitsa khansa kamene adokotala anatiuza kaja kakulowa, kakang'ono ngati nsabwe, katavala jekete la amuna awo. Kakuodira mwaulemu. Achemwali akukayalira mphasa. Kakuwapatsa moni wa m'manja, kagwira manja onse awiri, osawasiyanso.

Mbande zikungomera. Sizikutalika, sizikuchita maluwa, zikungoberekana, zina pamwamba pa zinzake, mpaka zandifika m'mawondo.

"Achemwali, zulani! Zachuluka!"

"Ndizula ndi chiyani? Mlendo sanamalize moni."

"Muthamangitseni!"

"Iwe, ameneyu wabwera ndi bambo a ana anga."

Ndikuyesa kuzula ndekha, koma mbande iliyonse ikutuluka magazi ndipo iwo akubuula. Ndasiya. Mbande zawafika pakamwa, koma akundifunsabe ngati ana adya.

Ndadzidzimuka nditafumbata bulangeti, ndikuyankha mokweza kuti adya, achemwali, adya.