Galimoto ya Miyendo Yobwereka

Amuna anga, pa geti la malo opimira galimoto, amadziwika kuti a Mubweze. Dzina lawo lenileni linatsala pa kalata ya ukwati basi, moti ngakhale ine ndikapsa mtima ndimaitana lomwelo. Linachokera pa mawu amene akhala akuuza madalaivala kuyambira ndisanabereke: "Mukatuluka, mubweze."

Mukafunsa anthu opemphera nawo, akuuzani kuti ntchito yawo ndi yomata matayala. Amamatadi. Ali ndi kashedi ka malata kuseri kwa mpanda, beseni la madzi akuda loonera pobooka, pampu, jeke, ndi benchi yothyoka mwendo imene inachirikizidwa ndi njerwa. Koma chimene chatidyetsa zaka zonsezi chimakhala kuseri kwa katani: matayala abwino, a mano akuthwa, osadziwa msewu. Ulendo wawo ndi umodzi wokha, kuchoka pa shedi, kulowa pa geti, kukwera pa dzenje la opima, n'kubwerera. Mwini galimoto amafika m'mawa ndi matayala osalala ngati dazi, a Mubweze n'kuwavula, kuveka awo. Chidindo chikangogwa pa pepala, galimoto imazungulira kuseri n'kuvalanso nsanza zake.

Sali okha pa ntchitoyi. Pafupi nawo pali wobwereketsa nyali, wina wa magalasi a m'mbali ndi zozimira moto, ndi wina wodziwa kumanga mabuleki kuti agwire mpaka masana. Lamulo lawo ndi limodzi: zobwerekana pa geti sizitchulidwa.

Kale ndinkalankhula. Ndinkati, "Abambo ake, mumakwera anthu m'zimenezi." Iwo ankangoti mbuzi imadya pomwe aimangirira, n'kutembenukira kukhoma. Kenako ndinatopa. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, komanso ana ankafunika sukulu. Iwonso anatopa, koma m'thupi. Mawondo anatupa ndi kugwada pa miyala, msana unapindika, zikhadabo zinada mpaka sopo anagonja. Madzulo akafika amakhala pakhonde, kuvula nsapato imodzi, inayo n'kuiiwala kuphazi.

Mwana wathu woyamba ndi mphunzitsi wa sukulu ya mkaka. Anaganiza zogula kaminibasi kakale koti azitengera ana m'makomo m'mawa n'kuwabweza masana, pamodzi ndi wake, mdzukulu wathu, amene salola mpando wina koma wakutsogolo. Mwanayu anatengera ine, sagula nsalu asanaitambasule. Galimoto iliyonse imene anauzidwa, ankayamba waitanitsa mapepala a opima a zaka zonse. Ina anaikana chifukwa chaka china panalibe pepala. Ina inalephera mabuleki zaka zotsatizana. Ina mtunda wolembedwa chaka chino unali wochepa kuposa wa chaka chatha, ngati imayenda chafutambuyo. Potsiriza anapeza yoyera, yopanda banga, imene chaka ndi chaka inkapambana ulendo woyamba.

Za ntchito ya bambo ake ankadziwa monga mwana amadziwira za m'nyumba, osaziganizira. Ankayesa n'chithandizo cha apo ndi apo kwa dalaivala wovutika. Ndiye Loweruka lina anatipeza akumwetulira, mapepala ali m'chikwama.

"Bambo, tiyeni mukandionere. Mapepala ndawerenga ndekha, ali bwinobwino. Inu mukangogogoda matayala. Amayi, inunso musatsale."

Tinakafika pa bwalo la mpanda wa njerwa, pansi pali thope la oyilo, maminibasi ena atakhala pa miyala opanda mawilo. Mwini wake anatuluka akuliza makiyi, ndipo ine ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali bwana wa maminibasi amene galimoto zake zonse zimavala matayala athu. Chakudya chambiri cha m'nyumba mwathu chinkachokera kwa iyeyo.

"Aa, madala! Kani aphunzitsiwa ndi mwana wanu?" anatero bwanayo akuseka. "Ndiye nkhani yatha. Inu galimotoyi mumaidziwa. Auzeni nokha."

Ankaidziwadi. Inali itatsukidwa, penti ikuwala, matayala atapakidwa polishi kuti dazi lisaoneke, chikomekome cha nkhuyu. A Mubweze sanaizungulire n'komwe. Anangoyang'ana wilo lakumbuyo kumanzere, limene ndinkamva akulitukwana pakhonde chaka chilichonse. Mabawuti ake anadyeka, ndipo kuseri kwake dzimbiri linadya chitsulo chonyamula galimoto, eni ake n'kungomatapo phula.

Mwana anawapatsa mapepala aja. Anawatembenuza limodzilimodzi, pang'onopang'ono, chonsecho magalasi owerengera anawasiya kunyumba. Bwana ankaliza makiyi. Ine ndinachita mantha pawiri, ndinene zoona: mantha kuti akhala chete mdzukulu wanga n'kumakwera chimenecho, ndi mantha kuti alankhula ife n'kugona ndi njala.

"Mapepalawa ndi enieni," anatero a Mubweze.

Bwana anagwedeza mutu, akuyang'ana mwana wathu ngati akuti nkhani yatha.

"Koma amene ankapambana ndi matayala anga, mwanangu. Nyali ndi za mnzanga wa pafupi uja. Mabuleki amagwira mpaka masana. Galimotoyi sinalowepo pa geti ndi miyendo yakeyake. Mdzukulu wanga asakweremo."

Ananena motsitsa, ngati munthu wopempha madzi akumwa. Bwana sanakalipe. Anangolanda mapepala m'manja mwawo, kuwapinda, n'kunena kuti, "Madala, mwakalamba. Njira ndi yomwe munalowera ija."

Pobwerera, titatsika basi, tinayamba ulendo wapansi. Tikuyenda, mwana wathu anaima pakati pa njira.

"Bambo, nanga ana a eni ake amene akhala akukwera m'menemo zaka zonsezi?"

A Mubweze anawerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chimene chinali chomanga kale. Inenso ndinayang'ana kumbali, pakuti chimene chinachokera m'matayalamo ndinkaphika ndine.

Nkhani inafika pa geti iwo asanafike. Lolemba anapeza wa nyali wasuntha tebulo lake. Wa mabuleki akawaona ankati, "Abusa afika, bisani zopereka," anthu n'kuseka. Maminibasi a bwana anayamba kuima tsidya lina la msewu, kumene munthu wina anatsegula shedi yake ya katani. Madalaivala ena anatsatira, poti ndani angabwereke kwa munthu wa pakamwa? Tsopano amuna anga amamata za njinga ndi za mawilibala. Amadzukabe m'mawa, kunyamula botolo la tiyi, kukakhala pa benchi kuyang'ana galimoto zikulowa ndi kutuluka.

Sindiwatama ayi. Analankhula chifukwa anali magazi awo, ndipo iwo eni akudziwa. Kaminibasi koyera kaja kanagulidwa ndi wina. Ndimakaona kakudutsa pa msika kodzaza mpaka pakhomo, ndipo ndimadikira kakhote kaye ndisanapitirize kugula.

Mwana wathu anakhala milungu osabwera kunyumba. Koma sukulu inali pafupi kutsegulidwa, makolo atalonjezedwa kale galimoto, ndipo analibe wina womufunsa. Tsiku lina masana anaimitsa pakhomo pathu kaminibasi kobiriwira kochokera kutali, mwini wake atakhala kutsogolo akuyasamula. Mapepala ake anali oyera ngati oyamba aja.

"Nanga iyi, Bambo?" anafunsa, osawayang'ana kumaso.

A Mubweze anayala thumba pansi. Kugwada kokha kunawatengera nthawi, bondo limodzi kaye, kupuma, kenako linzake. Anakwawira pansi pa galimoto n'kukhalako mpaka mwini wake anayamba kuyang'ana wotchi. Tinkangomva sipanala ikugogoda apa, ikugogoda apo. Potuluka ndinachita kuwakoka dzanja.

"Iyi sindikuidziwa," anatero akupuma movutika. "Dzimbiri sindinalione. Mabawuti ndi olimba. Zimene maso anga aona ndi zomwezo."

"Nanga mapepalawa? Ndiwakhulupirire?"

Mwanayo anali atagwira makiyi dzanja limodzi, mapepala dzanja lina. Ankafuna bambo ake anene kuti inde. Inenso ndinkafuna, ndinali nditatopa nayo nkhaniyi.

A Mubweze anapukuta manja pa buluku kwa nthawi yaitali.

"Kumene yachokerako kuli geti, mwanangu," anatero. "Ndipo pa getipo pali munthu ngati ine."