Kuitanira Amayi ku Norway M'miyezi Yopanda Dzuwa

Lamulungu lapitali, titatuluka m'tchalitchi ku Pollokshields, muno mu Glasgow, anaChisale anandiimitsa pakhomo. Iwowa amasamalira okalamba ku Easterhouse, ndipo polankhula sazungulira.

"Achimwene, inu munayendako. Ku Norway kumakhala bwanji mu Disembala?"

Mng'ono wawo, Tadala, amakhala ku Tromsø, kumpoto kwenikweni kwa dzikolo, ndipo akuyembekezera mwana woyamba kumapeto kwa Novembala. Banja lagwirizana zoitanitsa amayi awo kuchokera ku Dedza, kuti akakhale naye m'chikuta ndi kusambitsa khandalo monga mwa mwambo. Amayiwo ndi okalamba, ndipo mtima wawo ndi wa mankhwala.

Ndinayankha monga ndikudziwira. Nyengo yabwino yopita kumeneko ndi Juni mpaka Ogasiti, pamene kunja kumafunda ndipo kuwala sikutha. Kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, dzuwa silituluka n'komwe. Masana kumangoyera pang'ono, kenaka kwada.

"Majekete tagula kale," anatero. "Ndipo munthu wa ku Dedza mungamuuze chiyani za kuzizira?"

Apa ndi pamene ife timaphonya. Tikamafunsa za dziko lachilendo, timafunsa za kuzizira ndi mvula basi. Za kuwala sitifunsa, pakuti kwathu dzuwa limatuluka chaka chonse pa nthawi yake, ndipo palibe anaganizapo kuti lingasowe. Kodi ndani wa ife anaikapo kuwala pa mndandanda wa zofunika paulendo?

Ine ndinaphonya chomwecho. Bambo anga ndinawaitanira kuno ku Glasgow mu Disembala, chifukwa ndi pamene ndinali patchuthi. Ndinawagulira zofunda zonse. Iwo ankadzuka m'mamawa, kuvala taye, n'kukhala pawindo la nyumba yanga ku Hillhead, kudikira kuti kuche ayambe tsiku. Pofika folo koloko kunali kutada kale. Munthu wokonda nkhani uja anayamba kuyankha ndi mutu. Sanadandaule, anangofunsa tsiku lobwerera. Ndinawalonjeza kuti adzabweranso mu Juni, adzaone mzindawu uli wobiriwira. Anatisiya Juniyo asanafike.

Ndipo kuno dzuwa limaonekako. Ku Tromsø ayi.

Ndinawafotokozera anaChisale zonsezi, ndipo ndinati apite okha mu Novembala, amayi adzatsatire kukawala.

"Ndinayesa kale," anatero. "Amayi anandifunsa kuti, 'Iwe unasambitsapo mwana wa ndani? Nkhalamba zako zachizunguzo?' Akuti ine ndinabadwa mu Febuluwale, mlatho utakokoloka, koma amayi awo anafika."

Mabuku a apaulendo amalembera munthu amene amasankha yekha mwezi. Makolo athu sayenda choncho. Amawanyamula ndi maliro, ukwati, kapena khanda, ndipo zimenezi siziyang'ana nyengo. Tadala nayenso ali yekha kumeneko, pakati pa anthu a chinenero china, ndipo akufuna amayi ake. Sindingati akulakwa.

Ndinangofunsa chimodzi. "Za dzuwazi mwawauza?"

Anayang'ana kumbali. "Ndiwauze kuti kuli dziko lopanda m'mawa? Adzati ndayamba kumwa. Ndipo akakhulupirira, mwina sabwera."

Mawu omalizawo ndiwo akhala akundisautsa sabata yonse. Timati tikuwateteza makolo athu ku nkhawa, pamene tikuteteza chimene ife tikufuna kwa iwo. Walira mvula walira matope, timatero; koma mwambiwo umanena za munthu amene matopewo amawadziwa.

Amayi a ku Dedza mwina adzamva zonse n'kunyamuka ndithu. Akatero udzakhala ulendo wawo, wosankha okha. Koma ngati adzazindikira ali kale pawindo, khanda lili m'manja, akudikira m'mawa umene ana awo onse awiri akudziwa kuti sufika mpaka Januwale, kodi tidzati anabwera mwa kufuna kwawo?