Amama Andidyera Siteki

Mwaswera bwanji nonse, abale anga.

Mukukumbukira m'zaka za m'ma 90 ku Nabvutika, amama ankatigawira nyama iwo n'kumadya masamba okha, amvekere nyama saikonda? Lero ndakazinga siteki imodzi m'chiwaya, n'kuponyamo mbatatesi, anyezi ndi repu. Mumtima ndimati siteki ndi yanga, zinazo n'za amama.

Ndangotuluka pang'ono kukazimitsa mbaula. Pobwera ndapeza siteki yatha, amama akupukuta chiwaya ndi mbatatesi, milomo ili noninoni.

Ndafunsa kuti, "Amama, si paja nyama simudya?"

Iwo akuti, "Munali ambiri, mwana wanga. Lero ndisiyire ndani?"

Ndaseka mpaka misozi. Bwanji Loweruka aliyense abwere ndi siteki, tiwabwezere amama nyama yawo?