Dzina la a Stafford Lakana Kuyenda

Kwa Kanduku kunamveka mphekesera yoti laputopu ya a nesi a Fyness imadziwa amene watsala pang'ono kufa. Akuti a nesiwo akamayendetsa chala, maina a odwala BP amakwera m'mwamba n'kumasowa ngati anthu otuluka m'tchalitchi, koma limodzi limatsalira pamwamba, losasuntha. Mwini dzinalo dzinja salimaliza. Zamakompyuta ine sindizidziwa, sukulu ndinalekera panjira, koma chaka chatha lokakamira linali la a Kinsley, ndipo a Kinsley tinawaika chimanga chisanamasule. Mukanakhala inu mukanatsutsa?

Chaka chino linakakamira la a Stafford Kamwendo.

A Stafford ndi mlimi wa manachesi, ndipo nthenda yawo yeniyeni si BP, ndi kufuna kukhala oyamba paliponse. Kuchigayo amafika mwini chigayo asanasukusule. Tsiku la ukwati wawo akuti anapeza abusa akadali kubafa. Yekhayo amene ankawapitirira pamzere wa kuchipatala anali a Kinsley, poti nyumba yawo inali pafupi. Choncho a nesi atati chaka chatsopano aliyense alembetsenso, a Stafford anakhala patsogolo pa benchi, pachifuwa pali panja.

Mwezi wotsatira, akuyezedwa, anasuzumira pa laputopu paja. Chala cha a nesi chinayenda. Maina anayenda. Lawo linangoti njo.

Anabwerera akukankha njinga, kuopa kukwera pamtsetse. Pofika kunyumba mbiri inali itawatsogolera, chinthu choyamba kuwapitirira chimwalirireni a Kinsley. Akazi awo, a Anne, anawapeza atakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Bambo ake Sankhani, mwatani?"

"Landigwira."

"Chakugwirani chiyani?"

"Dzina. Silikuyenda. Ndipo akuti zimenezija zili pa intaneti, ku boma akuliona, ku Blantyre akuliona. Dziko lonse ladziwa, inu nokha ndi amene simunadziwe."

Kuyambira pamenepo a Stafford anasanduka munthu wina. Anasiya kutengulira manachesi, ati adzadya ndani. Njinga anapatsa mlamu wawo. Anatenga a Anne n'kukawalozera malire a munda, mwala ndi mwala. Mutu ukangowawa pang'ono ankagona chagada, manja pamimba, kumvetsera mtima wawo ngati munthu womvera mapazi a wakuba kuseri kwa nyumba. Choopsa kwambiri chinali moni wa anthu. Amene kale ankangokweza dzanja tsopano ankaima, kuvula chipewa, kufunsa mofatsa kuti m'thupi muli bwanji. Wina anafika pofunsa ngati mbuzi zija ali nazo maganizo.

Tsiku la sikelo ya BP litakwananso, a Stafford anachita zimene sanachitepo chibadwire: anakhala kumapeto kwa mzere. Ankati mwina makinawo akaona kuti adzichepetsa, agwira wina. Mulungu awakhululukire, anali atasankhiratu m'mtima amene angagwidwe.

Atafika, a nesi anawamanga lamba pamkono, n'kukwinya nkhope.

"Agogo, BP yakwera chonchi bwanji? Mankhwala mukumwa?"

"Ndimwerenji, mayi? Inu mukudziwa kale."

"Ndikudziwa chiyani?"

A Stafford analoza pa laputopu. Dzina linali pomwe paja. "Anzanga onse akuyenda. Ine ndaima. A Kinsley anaimanso chomwechi. Ingondiuzani, ndi mwezi uno kapena wamawa?"

A Fyness anayang'ana laputopu, anayang'ana nkhalambayo, kenako anagwira pakamwa.

"Agogo, taonani kuno. Mzere wapamwambawu ndi wa mitu: dzina, mudzi, zaka, BP. Ndinaumangirira dala kuti ndikamatsika m'munsi uzioneka, ndisalembe zaka za munthu pamalo pa BP yake. Koma pomangirirapo ndinagwira mizere iwiri m'malo mwa umodzi. Ndiye woyamba kulembetsa amakodwa nawo. Ndinkangoti ndikonza, n'kumaiwala."

"Woyamba kulembetsa?"

"Chaka chatha a Kinsley. Chaka chino inuyo, ndi kulawirira kwanu kuja."

Anadina penapake, kamzere kokhuthala kanakwera pang'ono, n'kuyendetsa chala. Dzina la a Stafford linakwera ndi kusowa.

A Stafford anagwira tebulo ndi manja onse. "Mayi, ndapita kuti?"

"Mulipo." Chala chinabwerera, dzina linatulukira. A Stafford anawauza kuti achitenso, a nesi anachitanso. Anati abwerezenso, a nesi anakana, nati ayambe amwa mankhwala pomwepo iwo akuona.

A Stafford anapita kwawo wapansi, chifukwa mlamu uja anakana kubweza njinga, ati mphatso ya munthu wotsanzika sibwezedwa. Manachesi osatengulira aja anabereka tizipatso tating'ono ngati mandimu.

Laputopuyo sidziwa za imfa ya munthu. A Kinsley anafa chifukwa anasiya kumwa mankhwala. A Stafford alipo, ndipo dzulo anali oyamba kuchigayo.