Pikapu ya malemu bambo sitigulitsa

Mwaswera bwanji nonse.

M'mawa uno amayi shuga inawakwera, ndiye achimwene a Yohane anati tithamangire nawo kuchipatala ku Malomo pa galimoto yawo yatsopano ija, akuti siigwedeza m'mabampu. Titatsala pang'ono kumaliza chitunda cha kutsidya kwa mlatho, inangozima yokha. Kudina batani, zii.

Anthu a m'mudzimo anabwera kudzatikankha monga timachitira nthawi zonse. Anaitembenuza, n'kuikankha mpaka kumunsi, thukuta kamukamu, koma osalira. M'pamene achimwene akuti, "Iyitu ndi otomatiki, siilira chokankha." Makaniko pafoni akuti mpaka abwere ndi kompyuta kuchokera ku Lilongwe.

Ndimati nditsegule chitseko kuti amayi apitidweko mphepo, chogwirira chinathyokera m'manja mwanga. Chapulasitiki, chopepuka ngati supuni ya paukwati! Ndachisunga, mudzachiona.

Ndinakwera kabaza kukatenga pikapu ya malemu bambo, yomwe ija mukuti tigulitse Loweruka. Inali pamalo pake pamtsetse. Ndinangochotsa mwala kutayala, giya yachiwiri, basi yalira. Yanyamula fodya zaka zonsezi, lero yanyamula amayi, pobwerera yakokanso yatsopanoyo ndi chingwe.

Amayi alandira mankhwala, pano akupeza bwino.

Tsono ine kiyi sindipereka. Wogula uja ndamuimbira kale kuti asavutike n'kubwera. Modyeka ndi dzimbiri ndikawotcheretsa ndekha, matayala ndisintha.

Amene mukuti ikutichititsa manyazi kutchalitchi, yankhani pompano: amayi akadzadwalanso dzinja likubwerali, mudzawanyamula pa chiyani?