Nkhokwe za Farao

Bambo anga anakana kubwera ku Perth. Ndinawanyengerera zaka zingapo, iwo n'kumangoti, "Ndikaonako chiyani kumeneko? Nyama zobereka ana m'thumba?" Chenicheni n'chakuti matenda a shuga anali atawafoola, ndipo dokotala anawaletsa ulendo wautali chotere. Koma bambo sankavomera kuti akudwala. Ankati angotopa.

Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali mwana wanga wamkazi. Anabadwira kuno, anali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo agogo akewo ankawadziwira pa foni pokha. Ndikati kuwadziwa, ndikunena khutu lawo, chifukwa ngakhale pa vidiyo bambo ankaika foni kukhutu. Akamufunsa m'Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi chake chotulukira m'mphuno, kenako n'kundibwezera foni. Ine ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, ndipo ndimadziwa mmene munthu amaonekera mphamvu zikayamba kumuthera. Ndinkaopa kuti bambo adzatisiya mdzukulu wawo asanawagwireko ngakhale dzanja.

Nditawauza kuti basi ife tikubwera kumudzi, anandidabwitsa.

"Kuno mudzabwera pa maliro anga. Mukabwera pano abale adzaza nyumba, mwanayo sindimuona n'komwe. Ngati mukufuna kundisangalatsa, ndiperekezeni ku Iguputo ndikadali ndi maso."

Bambo anali mkulu wa mpingo, ndipo anaphunzitsa Sande sukulu ubwana wanga wonse. Iguputo ankamudziwa kuposa Lilongwe. Kutsutsana nawo kunali kutaya malovu, choncho ndinapempha tchuthi kuntchito, tinatseka nyumba yathu ku Mirrabooka, dera la mu Perth momwemo, n'kukakumana nawo ku Cairo.

Anatuluka pabwalo la ndege atavala suti yakutchalitchi, tayi ndi chipewa, kunja kukutentha ngati m'uvuni. Atangoona mwanayo anatambasula manja.

"Akazi anga afika! Mwandibweretsera chiyani, akazi anga?"

Mwana anabisala kumbuyo kwanga. Chichewa amamva, ndiye anandifunsa monong'ona chifukwa chake nkhalambayi ikumutcha mkazi wake. Ndinamufotokozera kuti kwathu agogo amaseleula adzukulu motero, ndi chikondi chabe. Anakwinya nkhope n'kunena kuti zimenezo n'zonyansa. Bambo mawuwo sanawamve, koma nkhope anaiona, ndipo anabweza manja awo pang'onopang'ono n'kuyamba kukonza tayi. Ine mtima unandiwawa.

Tinachita hayala galimoto ya dalaivala wina wonenepa, wokonda hutala kuposa mabuleki. M'mawa mwake anatitenga kupita ku Giza. Bambo anakhala kutsogolo, ine ndi mwana kumbuyo, iye atatseka makutu ndi timawaya ta nyimbo. Tikudutsa pakati pa nyumba zosamalizidwa, nsonga ya piramidi inatulukira pamwamba pa madenga, bambo n'kumenya bondo la dalaivala.

"Nkhokwe zija! Taonani nkhokwe zija!"

Apa m'pamene ndinakumbukira. Zaka zonsezo bambo ankaphunzitsa ana kuti mapiramidi ndi nkhokwe zimene Farao anasungiramo tirigu pokonzekera njala. Ana a mudzi wathu wonse tinakula tikudziwa zimenezo. Ine ndinadzamva zoona zake kusekondale, koma ndani akanapita kukakonza mkulu wa mpingo?

Mdzukulu wawo ndiye analibe mantha amenewo. Anachotsa kawaya kamodzi n'kunena m'Chingerezi kuti si nkhokwe ayi, ndi manda a mafumu, anaphunzira kusukulu. Ndinamutsina pantchafu koma madzi anali atatayika kale.

"Akuti chiyani?" bambo anafunsa.

Ndinamasulira. Anafunsa dalaivala, dalaivala anavomera ndi mutu, n'kutseka maso, n'kupingasa manja pachifuwa kusonyeza munthu wakufa, galimoto ikuyendabe. Bambo anavula chipewa.

Kumeneko kunali ngati pamsika. Ena akujambulitsa atatukula mwendo, ena akudya atakhalira miyala, anyamata a ngamila akutikoka malaya. Mwana wanga anasangalala koyamba chifikireni. Anathamangira kutsogolo, n'kutembenuka, n'kuloza piramidi yaikuluyo ndi chala kuti agogo ake aione. Bambo anamugwira dzanja n'kulitsitsa mwamphamvu.

"Iwe! Manda saloza! Chala chipindika chimenecho!"

Aka kanali koyamba kumugwira dzanja, ndipo mwana analira.

Ine ndiye ndinapsa mtima. Ndinawauza kuti matikiti olowera mkati ndagula kale, tiyeni tilowe, tijambulitse, tizipita.

"Mayi, watilola ndani?" anandifunsa bambo. "Eni manda ali kuti? Kapepalako ndiye chilolezo? Inu mungakondwe anthu atamadyera mabisiketi pamanda a mayi anu?"

Sanalowe, ndipo chithunzi anakana. Anaima padzuwa chipewa chili m'manja, thukuta likuyenderera m'kolala. Tinabwerera kuhotela aliyense akuyang'ana zenera lake. Ndinaona kuti ulendo wonsewo wapita pachabe, ndipo ndinalakalaka ndikanangopita kumudzi.

Tsiku lotsatira dalaivala anati atitengera kummwera, ku Dahshur, kumene kulibe phokoso. Msewu unkatsata ngalande yamadzi, mbali zonse kuli akanjedza, minda ya kabichi ndi abulu okoka ngolo. Bambo anayamba kumasuka poona minda. Ankangodandaula kuti anthuwa mizere yawo njopanikiza. Kenako zobiriwira zinatha mwadzidzidzi, tinalowa m'chipululu.

Kunalibe anthu, kupatula msilikali mmodzi akuwodzera pamthunzi. Mphepo yokha ndiyo inkamveka. Piramidi ya kumeneko njachilendo: inayamba kukwera bwinobwino, koma pakatikati inakhota, ngati omanga anasintha maganizo. Bambo anavula chipewa. Ndinaona kuti mwana wanga walowetsa manja onse awiri m'matumba a buluku, ndipo sakuwatulutsa.

Mwanayo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandinong'oneza m'Chingerezi kuti iyi ndiye anthu anailoza kwambiri, mpaka inapindika ndi iyoyo m'malo mwa zala.

"Akuti chiyani?"

Nditamasulira, bambo anayesa kudzigwira poti tinali kumanda, koma zinakanika. Anaseka mpaka kutsokomola, akupukuta misozi ndi chipewa. Mwana anawayang'ana mokayika, kenako naye anaseka. Anayamba kuyenda mozungulira piramidiyo awiriwiri, iwo akuloza ndi mlomo, iye akuyesera kuloza ndi mlomo, ine ndikutsalira dala m'mbuyo.

Tisanakwere galimoto bambo anapempha botolo la madzi. Pochoka kumanda timasamba m'manja, ndipo sakanalola kuti tikalowe m'galimoto ya eni tisanatero. Anathirira mwanayo, kenako anamupatsa botolo kuti awathirire. Dalaivala naye anatambasula manja ake, osadziwa n'komwe chifukwa chake.

Pobwerera bambo anakhala kumbuyo, ine kutsogolo. Tikulowanso m'minda muja ndinamva mwana wanga akuyankhula Chichewa, chothyokathyoka, chimene sindinamumvepo akuyankhula ndi munthu wina aliyense.

"Agogo, manda anu ali kuti?"

Funso limenelo safunsa munthu wamkulu, makamaka wodwala. Ndinatembenuka kuti ndimukalipire, koma bambo anandiletsa ndi dzanja.

Anamuyankha pang'onopang'ono kuti amve. Anati ukadutsa tchalitchi umatsika kanjira ka kumanzere, n'kuwoloka kamtsinje kouma, ndipo pali mitengo ya masuku. Agogo ake aakazi agona pamenepo, ndipo pambali pawo pali malo. Anati sipadzakhala mwala waukulu ngati wa Farao, koma mthunzi ulipo wokwanira.

"Udzabwera kudzandiona?"

"Eya," anatero mwanayo.

"Osaloza."

"Osaloza."

Masiku otsalawo ndinali ngati wongowanyamulira zikwama. Ankadya mbale imodzi, akukangana m'zilankhulo ziwiri, osandipemphanso kumasulira.

Bambo anamwalira patapita zaka ziwiri. Kumaliro ndinapita ndekha, chifukwa zinachitika mwadzidzidzi ndipo pasipoti ya mwana inali itatha. Panopa ndi mtsikana wamkulu, watsala pang'ono kumaliza sekondale, ndipo kumudzi sanafikebe. Chaka chilichonse pamakhala china: mayeso, mashifiti, tchuthi chokanizidwa. Ndimawasowa bambo anga, ndipo ndimawasowa kwambiri ndikamasambitsa bambo a anthu ena kuntchito.

Sabata yatha tikuchokera kutchalitchi, tili pamaloboti, mwana wanga anandifunsa ngati masuku amakhala atapsa mu Disembala. Ndinati inde. Anati ndiye chaka chino ndisamuuzenso za chaka chamawa, chifukwa iye analonjeza munthu.